Tulo Tanga Tinatsalira ku Canada

Abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mawu awa akufikireni, mtendere ukhale nanu. Ine ndine NyaZimba wa ku Mphamba, m'boma la Lundazi, mayi wamasiye, mlimi wa chimanga ndi mtedza. Anzanga akaima kuchitira umboni amanena za matenda aakulu kapena ntchito imene inatha. Umboni wanga ndi wa tulo. Musaseke msanga, pakuti tulo tomweti tinatsala pang'ono kundichotsa pamudzi pamene pagona mwamuna wanga, nditasenza dzina la ufiti pamutu.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1990. Mwana wanga Tiwonge, amene ndi namwino, anakwatiwa ku Canada, ndipo atabereka mwana wake woyamba anandiitana kuti ndikamuthandize. Ndinakhalako miyezi ingapo. Ine chibadwire ndine wofunsafunsa, moti malemu mwamuna wanga ankati ndinaphonya ntchito ya upolisi. Kumeneko ndinafunsa zonse, kuyambira kumene kumachokera madzi otentha a m'khoma mpaka kumene azungu amapita ndi agalu awo m'mawa uliwonse. Za tulo zokha sindinafunse, chifukwa khanda linkatidzutsa tonse usiku ndipo m'nyumba muja munalibe wodziwa nthawi yogona.

Mvula itayandikira kwathu, mtima wanga unanyamuka. Tiwonge anandiuza kuti ndisankhe: ulendo wina ukanandifikitsa ku Lusaka madzulo, kuti ndikagone kwa msuweni wake ndi kupumulako masiku angapo, wina unali wofika m'mawa. Ndinasankha wa m'mawa mosazengereza. Ife akumudzi timakonda kufika kukuwala, komanso ndinkafuna kukwera basi ya ku Chipata tsiku lomwelo, chifukwa mtedza wa mbewu unali usanaswedwe. Mwanayo anayesa kundichenjeza kuti thupi likavutika. Ndinamuyankha kuti munthu wokhala pampando akupatsidwa tiyi sangatope kuposa wopanga mizere, iye n'kungopukusa mutu.

M'ndege munachitika chinthu chimene mpaka lero ndimachiganizira. Tinanyamuka kutada, anatipatsa chakudya chamadzulo, kenako anazimitsa magetsi. Ndinapemphera, ndinakonza bulangete, ndinayamba kusinza pang'ono. Pophethira ndinangoona kuwala pakawindo, mtsikana wa m'ndege ali pafupi ndi tiyi wa m'mawa. Ndinadabwa kwambiri. Usiku wonse uja unapita kuti? Ndinafunsa mzungu amene ndinakhala naye pafupi, ndi Chizungu changa chothyokathyoka, iye anangoloza wotchi yake akuseka. Tinasintha ndege ku London, usiku wachiwiri unatipezanso m'mwamba, koma umenewo maso anali gwa mpaka ku Lusaka.

Nditangokhala m'basi, dzuwa likuswa mtengo, tulo tinandigwira ngati ndamwa mankhwala. Mlatho wa Luangwa sindinauone. Ku Chipata tinafika kutada, ndipo pamene anzanga ankayala zitenje padepoti kuti agone, kwa ine kunali kutacha. M'mawa mwake ndinagonanso m'minibasi ya ku Lundazi, ndi maenje onse a msewu uja.

Pamudzi anandilandira ndi nthungululu, koma chimwemwe chake sichinakhalitse. Anthu akamalowa m'nyumba kukagona, ine ndinkamva mphamvu ngati mtsikana, ndiponso njala yeniyeni. Ndinkasonkha moto, kuphika, kudya, ndiyeno pofuna kuti manja asakhale chabe ndinkakhala pakhonde ndi nyali n'kumaswa mtedza wanga wa chalimbana. Atambala akayamba kulira, anzanga akunyamula makasu, ine mutu unkalemera ndipo ndinkagwa pamphasa mpaka dzuwa litapendeka. Alendo obwera kudzandilonjera ankapeza chitseko chili chotseka. Ndinkadziuza kuti mawa zisintha, koma mawa lake zinkakhala chimodzimodzi.

Inu mukudziwa chimene kwathu timamuganizira munthu wogona masana, woyendayenda usiku. Nanenso ndikanaganiza zomwezo akanakhala wina. Moyandikana nane munkakhala mlamu wanga NyaMtonga, mlongo wa malemu mwamuna wanga, amene anabwerera pamudzi ukwati wake utatha. Iyeyo ndiye anandiona pakhonde ndikutafuna anthu onse ali m'tulo. Tsoka ilo, sabata yomweyo mdzukulu wake anatentha thupi mpaka anakamugoneka kuchipatala. Manong'onong'o anayamba pachitsime, akuti ndabwerako ndi zinthu za kunja, akuti ndege imene ndinakwera ndikuikwerabe. Masiwiti amene ndinagawira ana anatayidwa m'chimbudzi. Pomaliza amuna a banja la Mtonga anatuma uthenga kuti Loweruka akhala pansi, ndipo akaona kuti nkhaniyo ili ndi mutu aitana sing'anga adzasake m'nyumba mwanga. Mkazi wamasiye wokhala kwa eni ake amadziwa kumene nkhani yotere imathera. Amakuuza kuti nyamula miphika yako ubwerere kwanu, ndipo ine kwathu kunalibenso wondidziwa.

Ndinalira, abale anga, ndipo ndinachita mantha. Choipa kwambiri chinali chakuti nanenso ndinayamba kudzikayikira. Ndinkadzifunsa ngati wina anandidyetsa kanthu osadziwa ine, kapena ngati usiku unasowa m'ndege uja ndi umene unkandilondola. Foni kumudzi kunalibe masiku amenewo kuti ndimufunse Tiwonge. Ndinagwada ndi kunena kuti, Ambuye, Inu munalenga usana ndi usiku, ndipo mukudziwa kuti mtumiki wanu sagona bwino ndi funso losayankhidwa. Ngati kundichiritsa kuchedwa, ndiuzeniko chabe chimene chachitika m'thupi langali.

Yankho linadzera m'parafini. Anali atatha chifukwa choyatsa nyali usiku wonse, ndipo panalibe mwana woti ndimutume, popeza amayi awo anawaletsa kufika pakhomo panga. Ndinadzikakamiza kuyenda m'mawa mpaka kuboma. Ndinalowa m'sitolo ya mayi wina wachimwenye kumene ndinkagula kwa zaka zambiri, ndipo podikira kuti andithirire m'botolo ndinatsamira matumba a shuga. Ndinadzidzimuka akundigwedeza paphewa, makasitomala akuseka.

"Amai, mwabwela liti kuchoka kwa mwana wanu?" anandifunsa. Nditamuuza, anafunsanso, "Usiku mugona?"

Funso limenelo linandimasula pakamwa, ndinamufotokozera zonse misozi ili m'maso. Mayiyo sanadabwe n'komwe. Anandilowetsa kuseri kwa kauntala, anatenga lalanje ndi tochi ya pashelefu. Pa lalanjepo anabaya timitengo tiwiri ta machesi, kena mbali iyi, kena mbali inayo. Anati aka ndi Lundazi, ako ndi Canada, tochiyi ndi dzuwa. Atayamba kuzunguza lalanje ndinaona ndi maso anga kuti Lundazi akakhala powala, Canada amakhala mumdima. Ndinamupempha kuti azunguzenso, kenako ndinazunguza ndekha. Zoti dziko ndi lozungulira ndinaziphunzira ndili mwana, koma sindinkadziwa kuti mimba ndi zikope nazo zimatsatira zimenezo. Pamenepo ndinamvetsanso za usiku wanga wosowa uja: sunabedwe ayi, ndife tinathamangira kukakumana ndi dzuwa.

"Imwe mwafika, koma thupi ikali kuja," anatero. "Naine nikayenda kwa mwana wanga nimankhala so. Manje masana osagona, olo maso awawe bwanji. Nkhalani panja, mudye pamene anzanu akudya. Ulendo wina mukasankhe yofika madzulo, mufikile pa bedi."

Mayi ameneyu sapemphera m'nyumba imene ine ndimapempheramo, koma ndikukuuzani kuti anatumidwa. Ndinatuluka m'sitolomo mtima uli m'malo. Vuto linatsala limodzi: amuna a kwa Mtonga sakanakhutira ndi lalanje. Ndikuyenda m'njira ndinaganiza kuti munthu yekhayo amene akanamukhulupirira ndi amene anayambitsa nkhani.

Ndinafikira pakhomo pa mlamu wanga, ndinakhala pansi mwaulemu. Moni wanga anauyankha akuyang'ana kumbali. Ndinati, "Mulamu, nabwela kupempha. Bwelani muzigona kwanga mpaka pa Chisulo, muone mweka vimene nichita usiku. Koma masana musanilole kugona olo pang'ono." Anavomera kugona kwanga mpaka Loweruka lija. Ndikudziwa kuti sanavomere chifukwa chondikonda, anavomera kuti andigwire.

Ntchito yondiletsa tulo anaigwira ndi mtima wonse, ndipo ndikuganiza kuti inkamukoma. Anaitana amayi ena awiri a kumpingo, tinayala mphasa panja n'kumaswa mtedza tikuimba. Mutu wanga ukangoti wezu, chigongono chake chinali m'nthiti mwanga, nthawi zina madzi ozizira kumaso. Sindinaonepo masana aatali ngati amenewo. Kukada ankawaza phulusa pakhomo kuti mapazi adzaoneke, n'kumanga chingwe kumwendo kwanga, mbali ina padzanja lake. Usiku woyamba ndinagona modukizadukiza. Wachiwiri unakhalako bwino. Pambuyo pake ndinkagona tulo tofa nato, n'kudzuka ndi atambala ngati kale, phulusa lili losalala.

Chimene sindinachione msanga ndi chakuti mlonda wanga sankagona. Poopa kuti ndingamuzembe, ankakhala tsonga usiku wonse maso ali pa ine, akukazinga chimanga kuti asasinze. Pofika Lachisanu, amene ankawodzera pamphasa ya mtedza sanalinso ine.

Loweruka amuna anasonkhana pakhonde la mkulu wa banja, ife amayi titakhala pansi chapambali. Nkhani yabwino inali itafika kale kuti mwana uja anali ndi malungo ndipo akupeza bwino, komabe nkhope zinali zolimba, chifukwa mlandu wanga sunali wa mwanayo yekha. Ndinafotokoza za lalanje ndi tochi, ena akugwedeza mutu, ena akungolavula. Kenako mkuluyo anaitana mboni. Anaitana kawiri, koma kunali zii. Titacheuka tinapeza NyaMtonga atatsamira khoma, kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono dzuwa lili pamutu.

Atamugwedeza anadzuka akupukuta dovu, anayang'ana anthu onse, ndiyeno anayang'ana ine. Ndinaona pankhope pake kuti chinthu chamulowa, chimene mawu anga sakanatha kumulowetsa. Anafotokoza kuti phulusa silinapondedwe, chingwe sichinakokedwe, ndipo iye mwini tsopano usiku akumva njala, masana miyendo ikukana. Anamaliza ndi mawu amene sindidzawaiwala: "Ngati kugona masana ni ufwiti, itanani ng'anga isake nyumba ziwili, yanga na ya mulamu wanga." Wina anayamba kuseka, onse anatsatira, ndipo za sing'anga sizinatchulidwenso. Ine sindinaseke nawo, ndinkalira. Sabata yotsatira inali nthawi yanga yokhala pambali pake ndi chigongono, ndipo ngongole yake ndinaibweza yonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananyoze pemphero la mayi wofunsafunsa, amene anandiyankha kudzera m'manja mwa mlendo, nasandutsa wondineneza kukhala mboni yanga. Inu amene muli ndi ana kutali, mukamabwerako ulendo wa usiku wa m'ndege mverani akakuuzani kuti mupumule, ndipo lolani thupi lifike nalonso musanayambe kulilamula. Inu amene mukunenedwa zimene simunachite, musathawe pamudzi ndipo musaleke kupemphera, pakuti Iye ali ndi njira zimene ife sitingaziganize. Ndipo mukaona nyali ikuyaka pakhonde la mnzanu anthu onse atagona, musathamangire kuchitsime ndi nkhaniyo. Kukacha pitani mukamufunse ngati ali bwino, chifukwa ine masiku onse aja palibe ndi mmodzi yemwe wa pamudzi amene anandifunsa.

Ambuye akusungeni usana ndi usiku. Amen.