Lauta M'nkhokwe ya Apongozi

Zaka zija aliyense ku Nyimba atayamba bizinesi, a Cosmas Mwanza, munthu amene chibadwile sanalakwepo malinga ndi kunena kwa eni ake, anaitanitsa chimakina cha intaneti chotchedwa lauta. Mmisili wa ku Lusaka anali kale m'njila nacho, atanenelatu kuti akapanda kupeza shelufu yolimba apitilila nacho ku Petauke kwa wamalonda wina, ndiye a Cosmas anathamangila kwa kalipentala wao, a Zakeyo, amene ukawauza chinthu amachita chomwecho osachotsapo kanthu.

"Shelufu yanga ili kuti, a Zakeyo?"

"Mwaitsamila, bwana."

A Cosmas anacheuka, nadumpha. "Iyi ndi nkhokwe!"

"Eya. Yanyuwani."

"Ine ndinati shelufu ya makina!"

"Munati mizati inai." A Zakeyo anagogoda mzati. "Nayi. Munati ikwezeke, chinyezi chisafike. Yakwezeka. Munati mphepo izipita mbali zonse poti makinawo amatentha. Taimvani mphepo."

"Nanga denga la udzuli ananena ndani?"

"Munati madzi asagwelepo."

"Ndimanena m'shopu mwanga, bambo inu!"

"Za shopu simunatchule. Kwathu ku Ndake chinthu cha mizati inai, choopa makoswe, chonyamula matumba awili a chimanga, dzina lake n'limodzi basi."

"Matumba awiliwo ndi kulemela kwa makina! Chinali chitsanzo chabe!"

"N'chifukwa chake ndinaiyesa. Ndinaika awili, sinalile. Ndinaonjeza ena, zii. Apongozi anga ataona anati, 'Zakeyo, malizitsa,' ndiye tinakhuthulila ngolo yonse."

A Cosmas anagwila kumutu. "Makina aja amamangidwa ndi mabauti kutsogolo. M'lifupi amafuna mainchesi naintini, osapitilila!"

"Ndiye mwapindula malo, bwana. Angagone chopingasa, mwana wake n'kugona kumiyendo."

Foni inalila m'thumba. A Cosmas anamvetsela, nkhope n'kugwa: basi imene anakwela mmisili uja inali itapitilila kale Kacholola, pafupi ndi Nyimba. Mantha anawagwila ndithu, pakuti Nyimba yonse anali ataiuza kuti intaneti ifika lelo. Anagwedeza mzati ndi manja awili, koma sunasunthe.

"Hmm. Njolimba," anatelo akukonza kolala. "Ndimadziwa ine kuti malangizo anga anali abwino. Chotsani dengali, zulani mizati, tiikweze pa ngolo."

"Aaa, awe. Sizingatheke."

"Chifukwa?"

"Mwalowa chimanga."

"Ndiye chotsani chimangacho!"

"Ine?" A Zakeyo anabwelela m'mbuyo, nayang'ana kukhichini. "Ndine mkamwini pano, bwana. Mwamuna kupisa dzanja m'nkhokwe ya apongozi? Mufuna ukwati wanga ndi Filomena uthe chifukwa cha intaneti?"

"Mitengoyi ndinabweletsa ndine!"

"Mitengo ndi yanu. Nkhokwe ndi yao."

"Yaba! Nanga n'zosiyana?"

"Dzulo lake zinali chimodzi. Chitalowa chimanga zinasiyana."

"Pitani mukawapemphe, chonde! Auzeni kuti ndi chitukuko cha boma lonse la Nyimba. Basi ikufika!"

A Zakeyo anavula chipewa, nakagwada patali ndi khomo la apongozi, nkhope atalozetsa kumbali monga achitila mkamwini waulemu. Anaomba m'manja, nalankhula motsitsa, naombanso. Pobwela anali akumwetulila mano onse pamtunda.

"Avomela, bwana."

"Ambuye atamandike! Bweletsani ng'ombe."

"Iyai, nkhokwe siichoka. Avomela kuti makinawo alowe, agone pamwamba pa chimanga. Akuti malo alipo."

"Nanga makasitomala anga?"

"Azibwela kuno."

"Kuno? Ndiye bizinesi yanga ikhala pakhomo pa apongozi anu?"

"Yao, bwana. Chimene chalowa m'nkhokwe n'cha mwini nkhokwe." A Zakeyo anavala chipewa chao. "Koma musade nkhawa, ndakunenelani bwino. Akuti mailo kukangocha mulawile, akufuna mnyamata wodziwa makompyuta."