Buledi amene anaphikidwa ine kulibe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ndine Fulujensio wa ku Bembeke. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinagwa pa njinga, bekale yanga n'kutsala pang'ono kutsekedwa. Anali masiku aja tinkalowa mumsika titagwira khadi la chipani m'manja.

Ndinali ndi antchito anayi, ndipo tinkaphikira buledi sukulu ina yogonera komweko. Koma ndinali munthu womana nzeru. Yisiti ndi mchere ndinkayeza ndekha, chitseko chili chotseka. Kutentha kwa uvuni ndinkayesa ndi mkono wanga, ndipo woyandikira aliyense ndinkamukalipira. Ndinkati ndikawaphunzitsa, mawa adzatsegula bekale yawo pafupi ndi yanga.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, ndikutsika chitunda, mabuleki anakana. Ndinagonekedwa m'chipatala milungu isanu, mkono ndi mwendo zili m'chikhakha. Akusukulu anatumiza uthenga woti adikira sabata imodzi yokha, kenako akagula kwina. Ndinadziwa kuti uvuni uja ukazima, mabanja anayi ndi langa lomwe asowa pogwira. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinkapemphera Kolona m'mawa ndi masana kuti Mulungu andichiritse msanga.

Mulungu sanandichiritse msanga. Anandigoneka pafupi ndi a Mbewe, bambo wachikulire wodwala shuga, amene kale anali manijala pa kampani ina yocheka matabwa. Atatopa ndi kudandaula kwanga, anandiuza za katswiri wina wa kayendetsedwe ka makampani amene anawerengapo mabuku ake. Akuti iyeyo ankaphunzitsa kuti mtsogoleri amadziwika ndi mmene ntchito ikuyendera iye atachokapo, ndipo kampani imakhalitsa ngati mwini wake anaphunzitsa anthu ake. Ndinayankha kuti zimenezo n'za m'mabuku, si za buledi.

"Ndiye tsiku lomwe mudzafe, achimwene, bulediyo tidzamukwirira nanu limodzi?" anandifunsa a Mbewe, akuseka.

Zinandipweteka kwambiri. Mwambi woti mutu umodzi susenza denga ndinaudziwa ndili mwana, koma ndinkayesa kuti amanena mitu ya anthu ena.

Kutacha ndinaitanitsa a Nabanda, mayi amene anandikandira ufa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinawapatsa makiyi, n'kuyamba kuwaululira miyezo yanga monong'ona. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Abwana, zimenezo timazidziwa kalekale," anatero. "Tinkaona mapaketi amene mwataya. Koma mchere wokha mumachulutsa."

Ndinachita manyazi. Chomwe anthuwo ankasowa chinali chilolezo changa basi. Buledi anafika kusukulu sabata ija isanathe, ndipo palibe amene ntchito inamuthera.

Nditatuluka m'chipatala ndinapita kusukuluko ndi ndodo, kuti ndikapepese. Mkulu wa kukhitchini anandithokoza kuti masiku amenewo ndinkaphika bwino kuposa kale. Ndinangoti zikomo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha mwa njira imene sindinapemphe. Inu amene muli pa mayesero, musaleke kupemphera, ngakhale yankho litabwera lowawa. Ndipo inu muli ndi antchito, aphunzitseni lero manja anu akadali abwino. Ine ndinachita kudikira mpaka kuthyoka mkono kuti nditsegule chitseko chimene sichinkabisa kanthu.