Anati ndamanga giya ya mwana wanga

Aleluya mpingo! Muli bwanji amayi ndi abambo? Ine ndili bwino, ndili bwino, ndili bwinotu ine! Ndine Nachisale, ndimakhala kumunsi kwa msika wa Zingwangwa, pakhomo pa mwana wanga Ganizani. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pakamwa ndili napo, ndiye mundimvere.

Tinkakhala mwamtendere. Ganizani anagula galimoto, zija amati otomatiki. Lamulungu lina ananditenga kuchokera kutchalitchi kuno. Potsika, mawondo angawa mukuwadziwa, ndinagwira ndodo ya giya kuti ndidzuke. Kugwira chabe, abale anga. Kugwira chabe!

M'mawa mwake galimoto inalira bwinobwino, koma giya osasuntha. Akoke, ayi. Akankhe, ayi. Yangouma gwa pa paki, poimikira paja. Mpongozi wanga, make Chisomo, anafunsa, "Dzulo anagwira pamenepa ndani?" Onse maso pa ine.

Mayo ine! Pofika Lachitatu nkhani inali ponseponse, ati gogo uja wamanga galimoto ya mwana wake. Ine? Ine mfiti? Ine amene ndinamuyamwitsa mwanayo? Pampopi amayi ankasuntha zidebe ndikafika. Adzukulu analetsedwa kudya chimene ndagwira. Ndipo Ganizani, wanga wobala ndekha, anandiuza akuyang'ana pansi, "Amayi, Loweruka mukapumeko kumudzi." Kumudzi kwa ndani? Nyumba inapita ndi madzi, abale anatha. Ndinalowa kuchipinda, ndinagwada, pemphero osatuluka. Ndinangoti, "Ambuye, mukuona."

Lachisanu kunabwera Che Twaibu, bambo wachisilamu wa ku Kanjedza, wokonza magetsi a galimoto. M'manja kanyali ka waya basi. Anandipeza pakhonde, nati, "Agogo, tabwerani mundithandize."

Mpongozi anakuwa, "Iwowo asayandikire!"

Che Twaibu anaseka. "Mayi, ine ndikungobwereka maso awo. Agogo, imani kumbuyoko. Achimwene a Ganizani, pondani buleki. Magetsi ofiira ayaka?"

"Sanayake!" ndinayankha.

"Pondaninso."

"Sanayake bambo, kuli bii!"

"Eya," anatero. "Giya iyi ili ndi kachitsulo kotsekera. Kamatsegula moto ukabwera kuchokera ku buleki. Magetsi akumbuyo akapanda kuyaka, ndiye kuti motowo sukufika."

Anayesa fiyuzi, kanyali kanayaka, ati ili bwino. Ndiye anagona chagada, mutu pansi pa chiwongolero, natulutsa kaswitchi ka pa buleki. Abale! Mawaya ake atadyeka, obiriwira, pena oyera mbuu. Anakanda ndi chikhadabo, analawa, analavula.

"Mcheretu uwu! Ndani amathira mchere m'galimoto?"

Kenako mpongozi wanga anakhala pansi, padothi penipeni, ndi diresi lakuntchito. Ati chigulireni galimoto, m'mawa uliwonse ankawaza madzi a mchere popondera dalaivala, kuopa nsanje ya aneba. Mnzake wina anamuuza kuti zimateteza. Ndinagwira pakamwa, ndinagwira pamutu, ndinasowa pogwira! Ine kusalidwa sabata yathunthu, chikhalirecho ndi mchere wa kukhitchini kwathu komwe!

Che Twaibu anapala mawaya, anaika kaswitchi kena kochokera m'thumba mwake, nati, "Agogo, kuntchito kwanu." Ganizani anaponda.

"Ayaka! Ayaka! Ofiira psuu!"

Giya inangoti khe, n'kutsika yokha ngati yadzozedwa mafuta. Ndinaimba nthungululu mpaka aneba anasuzumira pampanda. Ganizani anatsika, anagwada pafumbi anthu akuona, anandigwira miyendo. "Amayi, ndalakwa." Bambo wandevu kulira ngati khanda! Nane ndinalira.

Taonani Mulungu, abale, taonani! Sanatume m'busa, sanatume mneneri. Anatuma Msilamu wa ovololo kudzapulumutsa mayi wa mvano! Che Twaibu, kulikonse muli, Mulungu akuonjezereni masiku.

Mpongozi anatha masiku osandiyang'ana kumaso, kenako anabwera yekha kudzapepesa. Ndinamukhululukira, ndi mwana. Ena pampopi sanapepese mpaka lero, koma zidebe sasunthanso. Adzukulu akudya futali wanga, akunyambita zala.

Inu achinyamata, chinthu chikafa pakhomo, yambani mwaitana wodziwa musanaloze nkhalamba chala. Ena alibe wowaimika kumbuyo kwa galimoto.

Loweruka lija linafika, linadutsa. Ine ndilipo, ndilipo, ndikadalipo pa Zingwangwa! Zikomo Ambuye. Amen!