Chala cha a Nangozo

Masiku aja ndili mnyamata, galimoto zisanazolowere kukwera mapiri a ku Nsambe kuno, matenda sankakhalitsa pakhomo. Munthu akagona pamphasa ankachira kapena ankamwalira, ndipo nkhani inkathera pomwepo. N'chifukwa chake makolo anaika mwambo woti mkazi akadwala kwambiri, mwamuna azikanena kwa ankhoswe, pakuti iye ndi mkamwini chabe, munthuyo ali ndi eni ake. Eni akewo ankabwera, n'kukhala pakhonde, n'kugwirizana kopita naye. Inu ana a lero mungaone ngati kutaya nthawi, koma mwambowu unapulumutsa akazi ambiri kwa amuna osasamala, ndipo ine sindinaunyozepo.

Koma tsopano kwabwera matenda amene makolo sanawaikire mwambo. Munthu wa shuga amadwala akulima, akupita kutchalitchi, akuseka ndi anzake, chaka ndi chaka. Kodi matenda otere, ana inu, mungakanene liti?

Malemu akazi anga, a Nangozo, anakhala ndi shuga zaka zambiri. Ankapita kukalandira mankhwala kuchipatala cha ku Nsambe, ndipo pabenchi yodikirira anapeza anzawo amene ankadzitcha gulu la tiyi wowawa. Ankabwerako ndi nthabwala, koma m'kupita kwa nthawi anayamba kubwerako ali chete, chifukwa benchi ija inkaonetsa aliyense kumene akupita. Wina maso anachita mdima, wina anatupa miyendo, ndipo mnzawo wapamtima, a Esinati, anabwera tsiku lina atanyamulidwa panjinga, mwendo umodzi palibe.

"Aphunzitsi," anatero a Nangozo atafika kunyumba, poti ankanditchula ndi ntchito yanga yakale, "ine mudzandiike m'manda wathunthu. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Ndikanati chiyani?

Dzinja lina akupalira anaponda chitsa, koma sanamve kuwawa, pakuti shuga amapha mapazi mwakachetechete. Ine ndinangoona ayamba kuvala masokosi anga.

"Kodi mwayamba mpira, mayi?"

"Ndikuyeserera. Mukadzafa ndisadzawataye."

Tinaseka tonse. Koma pambuyo pake fungo linaulula zimene pakamwa pankabisa, ndipo nditawavula sokosi ndinapeza chala chachikulu chada ngati khala. Adokotala a ku Nsambe sanazungulire. Anati tipite kuboma msanga, mwina akachotsa chalacho, ndipo tikachedwa sichikhalanso chala chokha.

Pobwerera a Nangozo anandigwira malaya panjira.

"Musakanene kwa achimwene. Mukakanena ndiye kuti ndafa."

"Nanga akakudulani eni anu asakudziwa, ndidzaima pati ine?"

Anasiya malaya anga n'kupitiriza ulendo. Ankaudziwa mwambo kuposa ine.

Ndinaimbira foni alamu anga a Layisoni, amene anali ndi kagolosale ku Zalewa. Anali munthu wokonda mlongo wake, musawaganizire zoipa. Anati, "Alamu, nkhani ya mpeni si ya pafoni. Mundidikire, ndidzaone ndi maso anga." Koma mvula inali itagwa yosalekeza, ndipo mukuudziwa msewu wathu mmene unkakhalira, ngakhale njinga zamoto zinkabwerera m'munsi mwa phiri. Atafika, matope mpaka m'mawondo, anayang'ana phazi lija n'kugwetsa misozi, ndipo anati iwo okha sangalamule, timvenso mawu a azakhali a ku Matope.

Uthenga utamveka kuti ankhoswe abwera, mudzi unachita zimene umachita kuyambira kale. Abale anadzaza khonde, amayi a kumpingo anafika ndi nkhuni ndi ufa, n'kuyamba kuimba nyimbo motsitsa mawu. Ankatanthauza chikondi chokhachokha. Koma a Nangozo, amene anaimbirapo odwala ambiri pamakonde a ena, ankadziwa kuti nyimbo zimenezo zimaimbidwa nthawi yanji. Anatembenukira kukhoma.

"Mukumva, aphunzitsi? Ayamba kale."

"Angobwera kudzakuonani, mayi."

"Inu mwaphunzira, koma bodza simulitha."

Kuyambira pamenepo chakudya ankangochilawa. Mawu a azakhali atafika, onse n'kuvomereza, tinawanyamula pamachira mpaka pamene galimoto inatha kufika. Kuboma anatilandira bwino, koma anati za chala zinapita kale, tsopano ndi mwendo, m'munsi mwa bondo. Anabwerera kunyumba ali moyo, koma sanafunsenso za kumunda kapena za anzawo a pabenchi, ndipo sanandikumbutse lonjezo lija ngakhale kamodzi. Kukhala chete kumeneko ndi kumene ndimakumva mpaka lero. Tinawaika chaka chomwecho.

Palibe amene analakwa, ana inu, ndipo n'chimene chimandilemera. Aliyense anachita zoyenera monga anaphunzitsidwira.

Tsopano matenda omwewo ali mwa ine, ndipo pabenchi paja ndimakhala ndine. Mankhwala alipo, si ngati kale, ndipo ndimamwa mosadumphitsa. Koma mankhwala sachotsa mantha. Diso likachita kachifunga m'mawa, kapena phazi likachita dzanzi, mtima umafunsa kuti, kodi ndi lero? Imfa sindiiopa kwenikweni. Ndimaopa kutha pang'onopang'ono ndikudziona.

Choncho ngati kwanu kuli wodwala matenda osachoka m'thupi, musadikire kuti agone pansi. Aitaneni eni ake iye akadali woyenda, akadali wotha kukangana nawo, ndipo mugwirizane zodzachita tsiku loipa lisanafike. Mum'funsenso chimene amaopa, pakuti sadzayamba yekha kunena. Ine ndinaitana ana a mlongo wanga mwezi wathawu, ndipo ndinawauza kuti tsiku limenelo adzathamangire nane kuchipatala, asadzadikire munthu aliyense, ngakhale ine nditakana. Anaseka, amvekere, "Malume, inu mukadali olimba." Ndinawaleka aseke, koma sindinawalole kunyamuka mpaka aliyense atabwereza mawuwo ndi pakamwa pake.