Abuluzi a M'dimba la Tomato

Pamzere m'sitolo yogulitsa mbewu, bambo wina atagwira botolo la mankhwala ankadandaulira mayi amene anali patsogolo pake.

"Abuluzi andimalizira tomato, mayi. Lero ndikawapopera onse."

"Munawaona akudya ndi maso anuwa?"

"Ndimawapeza pamtengo pomwepo, tomato atabooka."

"Amuna anganso ankatero! Tinakangana mpaka ndinawakhazika pandowa m'dimbamo, ndikuti musagwedezeke. Posakhalitsa buluzi anakwera, n'kuima, kugwedeza kamutu. Kenako kwatu! Wagwira mbozi imene inkatuluka m'tomato, n'kumeza. Tomatoyo sanamununkhize n'komwe."

"Ndiye woboola ndi mbozi?"

"Eya! Buluzi chakudya chake ndi mbozi, ziwala, chiswe. Inuyo mukufuna kupha alonda n'kusiya akuba."

"Nanga bambowo anati chiyani?"

"Anene chiyani? Anangodzuka n'kuyamba kututa miyala, kuunjika m'mbali mwa dimba kuti abuluziwo aziotherapo dzuwa. Chaka chino sitinapopereko, koma tomato madengumadengu."

"Ndiye pamzere pano mukufuna chiyani?"

"Mbewu zina, bambo. Antchito anga aswana, dimba lawachepera."

"Mundisungire malo, mayi. Ndikabweze botololi pashelefu."