Chipilala Chachitatu Kuchokera Kukhomo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1944, achiwiri m'banja la ana asanu. Sukulu anayamba mochedwa, koma masamu ndi zojambula zinawakonda, mpaka mu 1969 anatenga digiri yojambula mapulani a nyumba. Mu 1971 anamanga banja ndi mayi athu ali apawa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 1976 anapatsidwa ntchito yojambula likulu la kampani ya inshuwalansi, chinyumba chija nonse mukuchidziwa: konkire wosapaka penti, magalasi mpaka pamwamba, chonsecho chitakhala pa zipilala, kunsi kopanda khoma. Mabwana ankafuna kuti kunsiko kukhale mashopu. Malemu anakana kwamtuwagalu, ati munthu woyenda pansi naye azipeza pobisala mvula. Anali ouma mutu, tisabise poti agona, ndipo anapambana. Kuyambira pamenepo anzawo ankangowatchula kuti a Zipilala.

Ana awo anawapatsa lamulo limodzi, loti wosochera m'tauni asalire, angopita kukaima pa chipilala chachitatu kuchokera kukhomo, bambo ake akamupeza. Onse atatu anasocherapo, ndipo onse anapezedwa pomwepo. Wamng'ono ankachita kusochera dala kuti amugulire switi.

Mu 1997 mwana wawo woyamba anasiya maphunziro a zomangamanga omwe bambo ake anamusankhira. Panatuluka mawu owawa. Malemu anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pawo, mnyamatayo anatenga chikwama n'kumapita. Tinafunsa kupolisi ndi m'zipatala, tinalengezetsa pawailesi, koma mpaka lero kuli zii.

Malemu anapuma pantchito mu 2004, koma pa chipilala chija sanapume. Loweruka lililonse ankanyamula kampando kukakhala pamenepo, kuyang'ana nkhope ya aliyense wodutsa. Ankati pakhomo anamuletsa ndi iwo, koma pa chipilala sanamuletse, ndiye tsiku lina adzafika.

Chaka chatha nyumba ya zipilala ija inagulitsidwa. Eni ake atsopano aizunguliza mpanda wa malata, ndipo mwezi wamawa ayamba kuigwetsa. Malemu anayenda ofesi ndi ofesi, kugwadira anthu a msinkhu wa ana awo. Sankapempha nyumba yonse, ankapempha chipilala chimodzi. Pa 1 Juni anagwa kunja kwa mpandawo akusuzumira pampata wa malata. Madokotala anati ndi sitiroko. Sanayankhulenso, ankangotiimikira zala zitatu. Anatisiya Lachiwiri lapitali, pa 11 Juni 2024.

Asiya mkazi, zidzukulu zisanu ndi ana atatu. Tikuti atatu chifukwa palibe amene tinamuika m'manda.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, ampingo, oyandikana nafe, komanso alonda a panyumba paja omwe anathamangira nawo kuchipatala. Akuluakulu a kampani yomwe yagula nyumbayo, takuonani mwabwera ndi nkhata, zikomo. Koma ife tasowa mtengo wogwira, ndiye tikukugwadirani pamaso pa anthu onsewa: gwetsani zonse, tisiyireni chipilala chachitatu. Mwanayo sadziwa kwina kokatipeza, pakuti kunyumba komwe anatisiya tinasamukako.

Ndipo nonse muli pano, wina akadzamuona amuuze kuti bambo ake anabweza mawu aja kalekale.

Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere, adikira mokwana. Kampando kaja atenga ndi mayi, ati Loweruka likubwerali akakhala kunja kwa malata.