Mphika Woyamba Adzasenza Lombe

Nazi zilengezo za masana ano kuno ku Kasama. Tcherani khutu.

Bana Lombe, ndiko kuti mayi ake a Lombe, a ku Chiba akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mwana wawo woyamba, Lombe Sampa, wa zaka 22, wasowa kuyambira Lolemba. Lombe anabadwa ndi Down syndrome. Ndi wamfupi, amalankhula pang'onopang'ono, ndipo amapatsa moni aliyense. Anachoka ndi bambo ake, a Sampa, ati kokagula nsapato za ukwati wa mng'ono wake Kasuba. Bambowo anabwerako okha. Chilengezochi chachokera kwa Bana Lombe.

A Sampa akudziwitsa abale kuti mwambo wokapereka miphika ya zakudya kwa mkamwini ulipo Loweruka. Akuti palibe wasowa: "Mwana uja ali pabwino, asationongere mwambo." Chilengezochi chachokera kwa a Sampa, amene asayina kuti Bashi Kasuba, ndiko kuti bambo ake a Kasuba. Aaa, bambo! Kuno munthu timamutchulira mwana woyamba, osati wachiwiri. Kaya, ine ndongowerenga.

Gulu la makolo a ana a Down syndrome likudziwitsa onse kuti Lombe wapezeka ku Mungwi, m'chisakasa cha kumunda, chitseko chomanga ndi waya, akufunsabe za nsapato zake. A Sampa anamubisa kuti akuchimuna asamuone, angathawe ukwati. Gululi likuti: "A Sampa, mwaputa mavu nkhomola. Amayi okuphikirani mwambowu mumati ndani? Ndife tomwe." Mamembala onse 40 akumane Loweruka m'mawa kwa Bana Lombe, aliyense ndi mwana wake, atatchena. Chilengezochi chachokera kwa mlembi, Mayi Kangwa.

Chomaliza. Bana Lombe akudziwitsa amuna awo kuti zaka 22 akhala chete, koma lero kwatha. Mphika woyamba adzasenza Lombe, patsogolo pa ng'oma, msewu wonse ukuona. Kasuba wanenetsa kuti popanda mkulu wake, miphika sichoka pakhomo. Akuchimuna akadzafunsa kuti "Uyu ndani?" amayi onse adzakhala duu, mpaka a Sampa adzayankhe okha. Bana Lombe akuti: "Ndikufuna manyazi akugwireni monga mantha anagwirira mwana wanga m'chisakasa muja. Nsapato ndamugulira ndekha, zofiira. Inu mungobwera ndi pakamwa panu."

Chilengezochi chachokera kwa Bana Lombe, kupita kwa Bashi Lombe.